Mutu 5: Dontho Limodzi M'diso Lamanzere

1. Kabotolo ka malume

Kunyumba ndi kusukulu komwe ankamutcha Nambawani. Dzinali linayamba ngati nthabwala ali kupulayimale, atakhala woyamba m'kalasi materemu asanu motsatizana, koma kenako linamukanirira. Ngakhale mayi ake pomutuma kukagula ulusi ankangoti, "Nambawani, thamanga."

Atafika chaka chachiwiri kusekondale, dzinali linayamba kumulemera. Masamu a teremu imeneyo anali a zilembo ndi mizere, ndipo sankawamva. Aphunzitsi akafunsa ngati onse amvetsa, iye ankagwedeza mutu msanga. Anzake akabwera ndi makope kuti awathandize, ankawauza kuti watanganidwa. Masabata atatu anatha chonchi. Kufunsa kunali kosavuta, koma ankadziwa kuti akangokweza mkono kalasi yonse icheuka.

Pakhomo ankakhala atatu: iyeyo, mayi ake amene anali telala, ndi malume ake, mlongo wa mayi akewo, amene ankawotcherera zitsulo. Malumewo anali atatha masabata awiri osapita kuntchito. Kachitsulo kanathetheka n'kuwalowa m'diso lamanja. Kuchipatala anakachotsa, koma disolo linatupa m'kati, ndipo anawapatsa timabotolo tiwiri ta mankhwala odontheza.

M'mawa uliwonse Nambawani ndiye ankawadontheza asanapite kusukulu. Masana ankadzidontheza okha, madzulo n'kukhala ntchito ya mayi. Mankhwala a m'kabotolo ka chitsekerero chofiira ndiwo anali odabwitsa. Kamwana ka m'diso, kadontho kakuda ka pakati paja, kanakula mpaka kutsala pang'ono kudzaza diso. Malume ankaseka kuti tsopano ali ndi diso limodzi la munthu, linalo la kadzidzi, ndipo kuti akachira adzafunsira ntchito ya ulonda.

Lachinayi, tsiku la mayeso a masamu, malume anakhala pampando wawo pafupi ndi zenera, atagadamitsa mutu. Ataona kuti muphwa wawo akukatembenuzatembenuza kabotoloko m'manja, anamuchenjeza.

"Kagwire bwino ako, muphwa. Usakaone kuchepa. Ine magalasi otchinga m'maso ndinali nawo, anali pamphumi pano. Ndinangoti ndimalize kangodya kamodzi ka geti, kamphindi chabe. Kamphindi kameneko ndiko kandikhazika pano ngati katundu wa m'nyumba. Adokotala anandiuza kuti mankhwala awa amagonetsa timinofu ta m'diso kuti tipume pamene chilonda chikupola. Ndiye ndi a diso lodwala, ndiponso ndi a ine ndekha. Munthu wa diso labwino akadontheza, satha kuwerenga kwa masiku ambiri. Mwana wamng'ono akamwa, tikhoza kumutaya. Ukamaliza uzikabweza pamwamba pa kabati, osati pena paliponse."

Nambawani anavomera. Pa zonse zimene malume ananena, iye anatolapo chimodzi: satha kuwerenga kwa masiku ambiri.

Malume atatsinzina kuti mankhwala alowe, Nambawani anabweza kabotolo ka chitsekerero choyera pamwamba pa kabati. Kofiirako anakalowetsa m'thumba la siketi.

2. Inde katatu

Atafika kusukulu analowa kaye kuchimbudzi cha atsikana, komwe kunali kalilole wosweka pakhoma. Anakoka chikope chamunsi cha diso lamanzere monga ankachitira ndi malume, n'kudontheza dontho limodzi. Linaluma pang'ono, basi.

Cholinga chake chinali chaching'ono. Ankafuna auze aphunzitsi kuti diso likumuvuta, amubweze kunyumba, adzalembe sabata yamawa pamodzi ndi ena odwala. Loweruka ndi Lamlungu akanawerenga ndi diso lotsalalo.

Phunziro loyamba linatha popanda chachilendo. Pakati pa lachiwiri, zilembo za m'buku zinayamba kusungunuka. Kuwala kwa pazenera kunkamubaya. Mtsikana amene ankakhala naye desiki imodzi atamuyang'ana, anasendera kumapeto kwa benchi n'kukweza mkono.

Apo n'kuti aphunzitsi a masamu akulowa ndi mapepala a mayeso. Anali mayi odekha, osathamanga ngakhale mvula iwapeze panjira. Koma atawerama n'kuyang'ana m'maso mwa Nambawani, anaika mapepala padesiki osaona pomwe akuwaika. Anamutembenuzira kuzenera. Anaphimba diso limodzi ndi dzanja n'kuchotsa, kenako linzake.

"Kodi wagwa kapena wamenyetsa mutu penapake, dzulo kapena lero?"

Nambawani sanayembekeze funso limeneli. Maso a kalasi yonse anali pa iye.

M'kalasimo munali mtsikana wina amene ankamutcha Namondwe, chifukwa sankadziwa kuyenda. Kulikonse ankathamanga, ndipo zitseko ankazitsegula ndi phewa. Dzulo lake anakankha chitseko cha kalasi Nambawani ali kuseri kwake. Chitsekocho chinamukhudza pachigongono, mabuku anagwa, anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo.

"Inde, madamu," anatero Nambawani. "Chitseko chija chinandigunda m'mutu."

Aphunzitsi anafunsa ngati mutu ukumupweteka. Anati inde. Anafunsa ngati akumva nseru. Anati indenso. Inde wachitatu anatuluka mosavuta kuposa woyamba.

Namondwe anaimirira n'kunena kuti chitseko sichinafike kumutu, ndipo kuti onse anaona. Palibe anamuikira kumbuyo. Anali atachenjezedwa kale kawiri pa nkhani ya zitseko, ndipo mawu a Nambawani pasukulupo sankatsutsidwa. Anamuuza kuti akadikire ku ofesi ya ahedi.

Nambawani ankayesa kuti amutumiza kunyumba. M'malo mwake anamva aphunzitsi akuuza ahedi pakhonde kuti diso lotere, munthu atagundidwa m'mutu, si lodikira nalo. Pasanathe mphindi khumi anali pampando wakumbuyo wa galimoto ya ahedi, ataphimba diso ndi mpango, galimoto ikuliza hutala pamphambano iliyonse.

Panjira anatsegula pakamwa kamodzi kuti alankhule. Ahedi anamuona pagalasi n'kumuuza kuti asadzivute, apume. Anati mwana ngati iyeyo sangalole kumutaya, chifukwa ndiye amene amamutchula makolo akafunsa ngati pasukulupo ana amakhoza. Nambawani anatseka pakamwa.

3. Mwana wanga sanama

Mayi ake anawapeza pakhomo la chipinda cholandirira a ngozi. Anabwera pa njinga yamoto, tepi yoyezera ikadali m'khosi, mapini atatu ali pabulauzi. Kushopu anasiya kasitomala atavala diresi la mkono umodzi. Ahedi anawafotokozera mwachidule n'kubwerera kusukulu kukayang'anira mayeso.

Namwino anawunika Nambawani m'maso ndi katochi. Kamwana ka diso lamanja kanachepa msanga. Ka lamanzere kanangokhala tong'o, osasintha. Namwinoyo anakoka mpando wa matayala, anamukhazikapo, n'kumudutsitsa pakati pa mabenchi odzaza ndi anthu amene anafika m'mamawa. Anthuwo ankabweza miyendo kuti adutse. Mayi wina wa mkono womangidwa ananena kuti Mulungu amuchitire chifundo mwanayo.

Adokotala anali mayi a imvi, a magalasi olendewera pa chingwe. Anamuuza kuti atsatire chala ndi maso, kumanja, kumanzere, m'mwamba, pansi. Anayang'ana zikope. Anamupapasa m'mutu monse kufuna chotupa, osachipeza. Anamufunsa tsiku ndi mwezi, kenako anamuuza kuti achotse seveni pa handiredi, achotsenso seveni, n'kumapitirira. Masamu amene anawathawa kusukulu anamupeza pabedi la chipatala, ndipo awa anawakhoza onse.

Kenako adokotala anafunsa ngati wadontheza mankhwala alionse m'diso. Nambawani anakana. Anafunsanso ngati wagwira mankhwala a munthu wina n'kudzitikita m'maso osasamba. Anakananso. Apo anatembenukira kwa mayi n'kufunsa ngati pakhomo pali wina wodwala maso.

Mayi anayankha kuti alipo mlongo wawo, ndipo kuti mwanayu ndi amene amawadontheza m'mawa. Adokotala anacheukiranso kwa Nambawani, koma asanafunse, mayi anawadula.

"Adokotala, uyu akamaliza amasamba m'manja, ndinamuphunzitsa ndekha. Ndipo mwana wanga sanama. Akati chitseko chamugunda, ndiye kuti chamugunda."

Kabotolo kanali m'thumba, pansi pa dzanja la Nambawani. Anakafinya n'kuyang'ana pansi.

"Zina sizikugwirizana, mayi," anatero adokotala. "Mwanayu ali tcheru, chikope sichinagwe, diso likuyenda mbali zonse. Koma wandiuza kuti wagundidwa m'mutu, mutu ukumupweteka ndipo akumva nseru, ndiye sindingayerekeze kumubweza. Magazi akamatayikira m'kati mwa chigaza amapanikiza mtsempha umene umachepetsa kamwana ka m'diso. Timujambula m'mutu tsopano lino. Tikapeza magazi, timumeta n'kumuchita opaleshoni lero lomwe."

Mayi anafuna mpando ndi dzanja, osaupeza, n'kukhala pansi pasimenti. Anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga ndi kuimasula, kuikulunga ndi kuimasula.

4. Makina ndi amodzi

Chipinda chojambulira chinali kumapeto kwa khonde lalitali, ndipo makina ake anali amodzi chipatala chonse. Pakhomo pake anapeza bedi la matayala. Panagona bambo wina wa ovololo yothimbirira ndi simenti, mutu wokulungidwa ndi bandeji. Anali mmisiri womanga nyumba.

Mkazi wake ankamukupiza ndi chidutswa cha katoni. Anauza mayi a Nambawani kuti mwamunayo anagwa pa makwerero m'mawa. Poyamba ankalankhula bwinobwino, mpaka kudandaula za nsapato imene inatsala kuntchito. Tsopano ankangosinza.

Mkulu woyendetsa makina anatuluka ndi mapepala awiri. Atawerenga ananena kuti mtsikana ndiye alowe poyamba, chifukwa diso lake laonetsa kale chizindikiro, pomwe bamboyo maso ake anali ofanana pamene anamuwunika. Anati kukonzekera ndi kujambula kutenga mphindi makumi awiri, mwina kuposerapo.

Mkazi wa mmisiri anayamba kuchonderera kuti iwo afika kalekale. Kenako anayang'ana yunifolomu ya Nambawani, anayang'ana mayi ake, n'kusiyira panjira.

"Lowetsani mwanayo," anatero motsitsa mawu. "Nanenso ndili naye wa msinkhu womwewu."

Namwino anayamba kukankha mpando. Pomwepo mmisiri uja anatembenuka n'kusanza pansi. Mkazi wake anavula mpango wa kumutu, anamupukuta pakamwa, n'kumamuitana kuti bambo a ana, bambo a ana. Sanayankhe.

Nambawani anaponda pansi ndi mapazi onse awiri, mpando unaima. Anaimirira. Anapisa dzanja m'thumba, anatulutsa kabotolo, n'kukapereka kwa namwino.

"Sindinagundidwe m'mutu. Ndadontheza aka m'mawa. Ndimathawa mayeso."

Ananena motsitsa, koma m'khondemo aliyense anamva.

Namwino anawerenga zolembedwa pakabotolo. Sanamukalipire, sanamuyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mmisiri, anamutsegula zikope n'kumuwunika ndi katochi kaja. Kenako anauza woyendetsa makina kuti agwire bedi kumiyendo, ndipo anatuma wantchito wina kuti athamangire adokotala. Kamwana ka diso lamanja la bamboyo kanali katayamba kukula.

Anamulowetsa, chitseko chinatsekeka. Pakhonde panatsala atatu. Mkazi wa mmisiri anayang'ana Nambawani kwa nthawi yaitali, kuyambira kunsapato mpaka kudiso, kenako anasamukira pabenchi ina.

Mayi anagwira mpando wa matayala wopanda munthu n'kuukankha okha kuubweza komwe unachokera, Nambawani akuwatsatira m'mbuyo. Anadutsanso pakati pa mabenchi aja. Anthu omwewo amene anamubwezera miyendo anamuona akuyenda bwinobwino.

5. Zimene maso amanena

Anadikira maola awiri adokotala asanawaitane. Polowa anapeza kabotolo kali patebulo. Adokotala anawauza kaye kuti m'mutu mwa mmisiri apezamo magazi, ndipo kuti amulowetsa kale ku opaleshoni. Zoti adzuka bwino sanalonjeze.

Kenako anavula magalasi n'kuuza Nambawani kuti akhale moyang'anana nawo.

"Ndikufotokozera chimene waseweretsa, kuti usadzanene kuti sunadziwe. Kamwana ka m'diso si kadontho kopaka. Ndi kabowo kolowera kuwala. Pali timinofu tina timene timakachepetsa kukawala, tina timakakulitsa kukada, ndipo timinofu timeneti timalamulidwa ndi mitsempha yochokera ku ubongo. N'chifukwa chake munthu akabwera kuno atakomoka, osatha kutiuza ngakhale dzina lake, timayamba ndi katochi. Maso ndi amene amamulankhulira.

"Kamodzi kakakula n'kukana kuchepa, timaopa magazi m'mutu monga waonera, kapena chotupa, kapena mtsempha wa magazi umene wafufuma n'kupanikiza unzake. Nthawi zina vuto ndi diso lenilenilo. Mwina lamenyedwa ndi mpira kapena chibakera, timinofu n'kung'ambika. Mwina madzi a m'diso alephera kutuluka, diso n'kufiira, kuuma gwa, n'kumapweteka mpaka munthu kusanza. Loterolo likapanda kuthandizidwa msanga likhoza kufa.

"Kakachepa kwambiri nakonso timafunsa chifukwa. Tonse tiwiri tikakhala ngati nsonga ya singano, timaganizira mankhwala amphamvu opha ululu, kapena ozunguza bongo, kapena poizoni wa mankhwala opopera mbewu. Kamodzi kakachepa chikope n'kugwa pang'ono, vuto likhoza kukhala kutali, m'khosi kapena pamwamba pa mapapo. Kakapindika, osakhala kozungulira, kawirikawiri ndi kutupa kwa m'kati, monga kwa malume ako. Kwa khanda kakamaoneka koyera, makamaka pachithunzi, tikhoza kupeza ng'ala kapena khansa, ndipo kholo lisagone nazo. Alipo ena amene anabadwa ndi kamodzi kokulirapo pang'ono, iwowo alibe vuto. Koma sitidziwa kuti ameneyo ndi uti mpaka titayeza.

"Ndiye iwe watenga chizindikiro chimene timadalira n'kuchinamiza. Ndinkakayika, n'chifukwa chake ndinakufunsa mobwereza. Koma dokotala sangaike moyo wa mwana pa kukayika kwake. Bambo aja akanadikira kunja kwa chitseko mphindi makumi awiri, ife tikujambula mutu wabwinobwino. Pa magazi a m'mutu, mphindi makumi awiri ndi zambiri. Unalankhula, ndipo zimenezo sindizichepetsa. Alipo amene akanalowa m'makina ali chete. Koma unalankhula mochedwa."

Nambawani anafunsa kuti disolo libwerera liti. Adokotala anati sabata imodzi kapena awiri, ndipo palibe choti amupatse kuti lifulumire. Dzuwa lizimupweteka, zilembo zizimusokonekera, ndipo aliyense womuyang'ana azimufunsa. Anati likafiira kapena kuyamba kupweteka abwere nthawi yomweyo, ndipo ulendo umenewo adzanene zoona kuyambira pakhomo.

Kabotolo kaja anakataya m'bini n'kulemba kena. Anati kamene kayandikira diso la munthu wina n'kukhala m'thumba tsiku lonse sikabwereranso kudiso la chilonda.

Asanatuluke, mayi anaima kutsogolo kwa tebulo manja ali pamodzi. Anapepesa kuti anawadula mawu, ndipo kuti anaikira umboni chinthu chimene sanachione. Nambawani anali asanawaonepo mayi ake akupepesa chifukwa cha iye. Anayang'ana kukhoma.

Mayi anamulankhula ali pamzere wolandirira mankhwala, osamuyang'ana.

"Ndikanakonda ukanabwera ndi ziro. Tikanaika pepalalo patebulo, tikanaliyang'ana tonse, n'kukapempha aphunzitsi akuthandize. Ine diresi ndikalilakwitsa ndimamasula ulusi n'kuyambiranso, mwini wake akuona. Manyazi amandigwira, koma sindinafepo nawo. Lero ndaima pamaso pa adokotala n'kunena kuti mwana wanga sanama. Mawu amenewo ndawanena kwa anthu ambiri, kushopu, kwa aneba, kwa abale. Mwina ndine ndinakusenzetsa dzina lolemera, ndipo zimenezo ndiziganizira pandekha. Koma bodza la chitseko sindinakusenzetse ine. Unalitola wekha n'kuliika pamutu pa mwana wa eni ake."

Nambawani anawapempha kuti aimbire foni kusukulu awauze. Mayi anakana. Anati foni yawo sinanamize aliyense, ndipo kuti mawa m'mawa apita naye kuti akafotokoze ndi pakamwa pake.

6. Alendo

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. M'chipinda chochezera mipando inali itasunthidwa, zonse za m'kabati zili pansi, matiresi atatsamira khoma. Malume anali chogwada, akupapasa pansi pa tebulo. Diso lawo linali lofiira, likutuluka misozi.

Anayamba ndi kupepesa. Anati mankhwala a masana sanadontheze chifukwa kabotolo kofiira anakataya, ndipo sakukumbuka kuti anakaika pati. Anati aneba anawauza kuti muphwa wawo amutengera kuchipatala, ndipo anafuna kutsatira, koma dzuwa linawabweza pageti.

Atadzuka anayang'ana Nambawani kumaso. Diso loterolo ankaliona pakalilole tsiku lililonse.

Malume anali munthu woseka ngakhale pa chilonda chake, koma ulendo uno sanapeze nthabwala. Anakhala pampando wawo, anagadamitsa mutu. Nambawani anatambasula dzanja kuti alandire kabotolo katsopano monga mwa masiku onse. Malume anati mlongo wawo ndiye awadontheze. Atatha, malume anatenga timabotolo tonse tiwiri, anatiika m'bokosi la zida zawo, n'kukhoma loko.

Nambawani anayamba kubweza zinthu m'kabati, dzanja limodzi litaphimba diso. Ali mkati motero, kunja kunamveka odi.

Mayi anatsegula chitseko. Pakhomo panaima bambo wina wamtali, wa ufa m'mikono, atavala epuloni ya kophikira buledi. M'dzanja limodzi anagwira chipewa chake, m'dzanja lina kalata. Kumbuyo kwake kunali Namondwe, maso otupa, chikwama cha mabuku chili pachifuwa.

"Mayi, tabwera kudzapepesa," anatero bamboyo. "Ine ndine bambo ake a uyu. Andiitana kusukulu ndili kuntchito. Amuimitsa masabata awiri, mayeso otsala salemba, ndipo akuti wanuyo zikamuvuta nkhani ipita kupolisi. Iyeyu akukanabe. Ndamuuza kuti zokana akakanire kunyumba, kuno apepese. Ali bwanji wodwala wathu?"

Anakankhira mwana wake kutsogolo n'kumuuza kuti alankhule.

Mayi anawapempha kuti adikire pang'ono, mwanayo asapepese kaye. Anapatuka pakhomo n'kucheukira m'nyumba.

"Nambawani, tabwera. Alendo awa ndi ako."

Atatero anapita kukakhala pafupi ndi mlongo wawo.

Nambawani anafika pakhomo. Dzuwa linali moyang'anana ndi chitseko, ndipo atachotsa dzanja kumaso linamubaya mpaka misozi. Bambo aja ataona disolo anagwira pakamwa n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi.

Namondwe sanasunthe. Sankayang'ana disolo n'komwe. Ankayang'ana pakamwa pa Nambawani, akudikira.